Beetle ya 1966 imene anati injini yake yachepa

Galimotoyi inafika pagalaja pathu ku Limbe mwezi wa Ogasiti, ikudziyendera yokha koma ikupuma ngati munthu wa mphumu. Ndi Volkswagen Beetle 1300 ya 1966, yotuwa, ya magetsi a 6 volt, mabuleki a dilamu miyendo yonse inayi. Eni ake ndi bambo achikulire amene anapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo galimotoyi anachita kusiyiridwa ndi malemu bambo awo. Adzukulu kunyumba amaitchula kuti Kamba.

Sanabwere kudzakonzetsa. Anabwera kudzafunsa mtengo wotsitsira injini n'kuikamo ina. Mwana wawo wamwamuna, amene ali pantchito ku Johannesburg, anali atapeza injini ya 1600 yogwirapo kale ntchito, atatumiza zithunzi pa WhatsApp, ndipo ankangodikira kuti ine ndivomere kuti ikwana. Kumeneko zida za Beetle sizisowa kwenikweni, chifukwa fakitale ya Volkswagen ya ku Uitenhage, ku South Africa komweko, inapanga galimotozi kuyambira 1951 mpaka 1979.

Dandaulo linachokera pa ulendo wa kumudzi, kufupi ndi Lizulu. Mwanayo ndiye anali pachiwongolero. "Amisiri," anatero bambowo, "titangodutsa Ntcheu, galimoto inafooka ngati yamangidwa chingwe kumbuyo. Lole yodzaza simenti inatipitirira. Mwana wanga anachita manyazi." Koma iwo eni sanali kufuna kuti injiniyo ichoke. Anandiuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinati mwambiwo ndi wabwino, koma sukweza galimoto phiri. Ndinawapempha kuti andisiyire masiku awiri ndiyese kaye, chifukwa injini yodwala sungaiweruze kuti ndi yaing'ono. Umayamba wadziwa kuti mwa mphamvu zimene inabadwa nazo zatsala zingati.

Zimene tinapeza

Injini ya 1300 ili ndi 1285 cc, ndipo fakitale inkailembera ma horsepower 40 ikamazungulira ka 4000 pa mphindi. Galimoto yonse imalemera makilogalamu osafika 800. Nambala ya injini, imene imakhala pansi pa mwendo wa jenereta, imayamba ndi chilembo F monga mwa ma 1300 a nthawiyo, ndipo ikufanana ndi imene ili pa mapepala a galimoto. Choncho iyi ndi injini imene galimoto inabwera nayo.

Ndinayamba ndi chinthu chosafuna sipanala. Ndinauza mnyamata wanga kuti aponde moto mpaka pansi injini ili chozima, ine ndikuyang'ana kabuleta kumbuyo. Chitseko cha kabuleta chinatseguka n'kuima patatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Chingwe cha moto chinaduka nthawi ina, wina n'kuchilumikiza ndi waya, ndipo chinatalika. Ndiye kuti kwa zaka zimenezi, woyendetsa akaponda mpaka phazi kugunda pansi, injini inkamva ngati waponda magawo atatu okha mwa anayi.

Mawa lake m'mawa, injini itagona usiku wonse n'kuziziriratu, tinayeza mavalavu. Mpata woyenera ndi 0.15 mm. Asanu ndi awiri anali othina, ndipo valavu ya ekizozi ya silinda ya nambala 3 inalibe mpata n'komwe. Apa ndipamene eni a Beetle ambiri amapusitsika. Pa injini imeneyi mpata wa valavu sumakula ayi, nthawi zambiri umachepa, chifukwa valavu ikatentha zaka zambiri imatamuka ndipo imamira m'malo mwake. Mpata ukatha, kaphokoso ka tcheketcheke kamaleka. Bambowo anandiuza monyadira kuti chaka chathachi injini yawo inayamba kulira mwaulemu. Ulemu umenewo unali valavu ikupsa. Valavu imataya kutentha kwake ikakhala pansi n'kukhudza hedi, ndiye ikalephera kutsekeka bwino moto umaidya m'mphepete.

Compression, kutanthauza mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, inatsimikiza zomwezo: silinda yoyamba 110 psi, yachiwiri 105, yachinayi 108, koma yachitatu 55. Tinathira oyilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso, nambala sinasunthe, kusonyeza kuti vuto si maring'i koma valavu. Galimotoyi inkapita ku Lizulu ndi masilinda atatu ndi theka.

Nambala 3 sinapse mwangozi. Injini ya Beetle ilibe madzi, imazizira ndi mphepo ya fani imene imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza. Pa injini za zaka zimenezi, oil cooler, kachipangizo koziziritsa oyilo, inaimikidwa m'kati mwa chibokosi cha fani, kumanzere, moti mphepo yopita ku silinda ya nambala 3 imafika itawotha kale kutentha kwa oyilo. A Volkswagen eni ake anadzaisuntha n'kuitulutsira kunja pa injini za kuyambira 1971. Ngati zonse zili m'malo mwake, nambala 3 imapirira. Koma pa galimotoyi zonse sizinali m'malo mwake. Malata awiri otsogolera mphepo pansi pa masilinda kunalibe. Labala yozungulira injini, imene imatchinga kuti mpweya wotentha wa ku ekizozi usakwere kumtunda, inali itatha n'kusiya mpata wolowa zala zinayi. Timalabala totseka mabowo a mapulagi tinatsala tiwiri. Titachotsa chibokosi cha fani tinapeza chisa cha makoswe pamwamba pa masilinda akumanzere, makoko a chimanga ndi nsanza zitamatirira ndi oyilo pakati pa zipsepse. Amakaniko ambiri ozolowera magalimoto a rediyeta amaona malata amenewa ngati zokongoletsa, akamabwezera injini amawasiya pansi pa mtengo. Pa Beetle malatawo ndiwo rediyeta.

Distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, inali ija amaitcha 009, yopanda paipi ya vacuum yoyamwa mpweya kuchokera ku kabuleta, ndipo inatcheredwa ndi khutu. Kabuleta ya galimotoyi, Solex 30 PICT-1, inapangidwa kuti iziyenda ndi distributor ya vacuum, ndipo ukaisakaniza ndi 009 kawirikawiri galimoto imadodoma ukangoponda moto. Mwamwayi bambowo ndi munthu wosataya zinthu. Distributor yakale ya vacuum anaipeza m'katoni m'nyumba yosungira katundu, atakulunga m'nyuzipepala.

Kenako miyendo. Kumbuyo anaikako matayala a minibasi, 195R15C, poti ndi amene anapezeka mosavuta ndipo akuti sachedwa kutha. Tayala loyenera la galimotoyi ndi 5.60-15, ndipo la minibasilo ndi lalitali kuposa limenelo ndi masentimita pafupifupi 4, kuwonjezera kulemera kwake. Tayala lalitali limakhala ngati wakweza magiya onse pang'ono. Galimoto ya mphamvu zambiri singamve kanthu, koma ya ma horsepower 40 imamva pa chitunda chilichonse. Ndipo titayenda nayo makilomita asanu okha, dilamu ya kumbuyo kumanzere inatentha yosagwirika. Paipi ya labala ya buleki inali itatupa m'kati: ukaponda mafuta a buleki amadutsa, ukasiya sabwerera msanga, buleki n'kumangogwira.

Chimene chinagamula mlandu, kwa ine, chinali kunsi kwa injini. Tinayeza kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo n'kupeza 0.10 mm, pamene mpata wololedwa ndi 0.07 mpaka 0.13. Nyali ya oyilo inkazima msanga ngakhale injini itatentha, ndipo m'kasefa ka pansi munalibe tizitsulo. Tikanapeza crankshaft ikugwedera moti ukakoka pulley ndi manja n'kumva gu-gu, bwenzi nkhani ili ina, chifukwa pamenepo ndiye kuti chibokosi cha injini chadyeka, ndipo kuchikonza kuno n'kovuta.

Mtengo weniweni wa 1600

Ndisanamizire, 1600 ndi injini yabwino. Ndaikapo zingapo m'magalimoto amene injini zake zinasweka zosakonzeka, ndipo eni ake anakondwa. Ili ndi 1584 cc ndi ma horsepower 50, ndipo kusiyana kwa 10 kumeneko pa galimoto yopepuka chotere kumamveka ndithu. Mwanayo sanalakwe kuisirira. Chimene sanawerengere ndi zimene injiniyo imakoka kumbuyo kwake.

Injini ya 1600 ndi ya 12 volt, ndipo flywheel yake, chitsulo chozungulira chimene sitata imagwira poliza injini, ili ndi mano 130, pamene ya 6 volt ili ndi mano 109 ndipo ndi yocheperako. Kuti yaikuluyo ilowe m'giyabokosi ya 1966 pamafunika kupala m'kati mwa kamwa la giyabokosi, ndipo chitsulo ukachipala sichibwereranso. Sitata iyenera kusintha. Batire, mababu onse, mota ya ma wiper, kabokosi ka ma indicator, zonsezi zimatsatira. Fani ya 1600 ya oil cooler yakunja ndi yokulirapo ndipo imafuna mphepo yambiri, n'chifukwa chake ma Beetle a zaka za m'ma 1970 ali ndi mazenera pachitseko cha injini. Chitseko cha galimotoyi chilibe. Mwina tichiboole, mwina tichiimike chotsegukira pamwamba, apo ayi injini yatsopanoyo ipse ngati mmene inapsera yakaleyi.

Palinso giyabokosi. Ya 1300 ili ndi difu ya 4.375, pamene ma Beetle 1500 anapatsidwa ya 4.125, imene imachititsa kuti injini izizungulira mocheperako pa liwiro lomwelo. Ukaika injini yaikulu pa giyabokosi yomweyi, pa liwiro la makilomita 90 pa ola injini izizungulira chimodzimodzi ngati kale, phokoso lomwelo. Phindu likhala pa chitunda ndi popitirira galimoto ina basi.

Za mabuleki ndinaimbira foni mwanayo ndekha. Ndinamuuza kuti, achimwene, a Volkswagen atatulutsa Beetle 1500 ku Ulaya mu 1966, imene inangoposa iyi ndi ma horsepower 4 okha, anaipatsa mabuleki a disiki kutsogolo. Galimoto ya bambo anu ili ndi madilamu, ndiponso mzere wa mafuta a buleki ndi umodzi, paipi imodzi ikaphulika miyendo yonse inayi yapita. Mukufuna tiwonjezere zothamangira tisanawonjezere zoimira? Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa mtengo wa madisiki. Kumenekonso kuli nkhani, chifukwa madisiki a fakitale amayenda ndi malimu a mabowo anayi pamene galimotoyi ndi ya mabowo asanu.

Pamwamba pa izi pali msonkho wolowetsera injini m'dziko, kukasintha nambala ya injini ku Road Traffic, ndi funso limene zithunzi sizingayankhe. Injini ya pa WhatsApp ija inali yopentedwa bwino, yakuda bii ngati yatsopano, koma palibe anali ataiyeza compression kapena kugwedeza pulley yake. Chikomekome cha nkuyu. Tikanatha kutsitsa injini imene tikuidziwa matenda ake onse n'kukweza ina ya zaka 50 imene sitikuidziwa kalikonse.

Tinagwirizana kuti tikonze yomweyi kaye, tiiyese pamsewu, ndipo ngati ikhalabe yofooka ndiye tikambe za 1600.

Ntchito imene inachitika

Kutsitsa injini ya Beetle si nkhani, imagwidwa ndi mabawuti anayi ku giyabokosi. Tinachotsa mahedi onse awiri n'kuwatumiza kwa anzathu a makina kuti asinthe ma guide, timapaipi toyendamo mavalavu, ndi kusema mokhala mavalavu. Mavalavu a ekizozi tinasintha onse anayi, osati wopsa yekhayo, chifukwa enawo anawotha moto womwewo, ndipo valavu ya ekizozi ikaduka mutu imaswa pisitoni n'kuwononga injini yonse. Mapisitoni ndi masilinda anali bwino, tinangowapala pang'ono n'kuika maring'i atsopano. Oil cooler tinaitsuka n'kuika timalabala tatsopano. Malata osowa aja tinawachotsa pa injini yakufa imene yakhala kuseri kwa galaja zaka zambiri. Matayala tinabwezera 165/80 R15, amene msinkhu wake uli pafupi ndi oyambirira, ndipo mapaipi a labala a mabuleki tinasintha onse anayi.

Mapaipi a petulo tinasinthanso onse. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo labala yakale ija yokutidwa ndi nsalu imauma n'kung'ambika mobisika pansi pa nsaluyo. Pa Beetle paipi imeneyi imadutsa pamwamba pa injini yotentha, pafupi ndi distributor. Ma Beetle ambiri sanafe ndi ukalamba, anapsa ndi moto.

Pa jeti ya kabuleta, kabowo kodutsa petulo, ndinaganiza nthawi yaitali. Ethanol amachepetsa mphamvu ya msakanizo, ngati waika jeti yaing'ono, ndipo injini yozizira ndi mphepo ikamwa mafuta operewera imatentha. Koma kukwera kwa malo kumachita zosiyana: kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita oposa 1000, mpweya ndi wopepuka, msakanizo umakhala wonenepa. Ziwirizi zimakhala ngati zikubwezerana. Ndinasiya jeti ya fakitale, n'kumaona mtundu wa mapulagi tikabwera kumsewu. Anatuluka ofiirira ngati tiyi wamkaka, ndiye sindinagwirenso.

Cholakwa changa ndichinene. Distributor yakale ija ndinaitsuka, kuika mapointi pa 0.4 mm, kutchera moto pa madigiri 7.5 pisitoni isanafike pamwamba, n'kuikweza osayamwa kapaipi ka vacuum kuti ndione ngati kachikopa ka m'kati kali moyo. Kanali koboola. Galimoto inalira bwino ili chiimire, koma pamsewu inali yaulesi kuposa tsiku limene inabwera, ndipo ndinataya tsiku lathunthu ndikukayikira mahedi. Chinthu choyezedwa ndi pakamwa m'masekondi asanu. Kabokosi ka vacuum katsopano anatitumizira ndi mwana yemwe uja, pa basi, patatha milungu itatu.

Pamsewu

Itayenda makilomita 800 oyambirira tinasintha oyilo, malita 2.5, tinayezanso mavalavu, ndipo mu Okutobala tinapita nayo kokayesa kwenikweni. Ndinasankha msewu wa ku Chikwawa dala. Kuchokera pa Thabwa kukwera kubwerera ku Blantyre ndi chitunda cha mamita pafupifupi 900, chokhotakhota, ndipo chimayambira m'chigwa cha Shire mmene dzuwa la Okutobala silichita nthabwala. Injini yozizira ndi mphepo ikapirira pamenepo, kwina konse ipirira.

Ulendo woyamba tinali awiri, ine ndi bambowo. Mbali yaikulu tinakwera pa giya yachitatu, liwiro la 45 mpaka 55, n'kumatsikira ku yachiwiri pa makona othina. Titafika pamwamba ndinaima n'kusolola dipisitiki: inali yotentha koma yogwirika ndi zala, ndipo nyali ya oyilo sinaphethire. Ulendo wachiwiri tinakweza anyamata awiri kumbuyo ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Apa chilungamo chake n'chakuti galimoto inavutika. Tinakhala pa giya yachiwiri nthawi yaitali, liwiro la 30 mpaka 35, ndipo tinapatukira pambali kawiri kuti a kumbuyo adutse. Sinatenthe mopitirira, sinadodome, koma inali yochedwa, ndipo palibe sipanala imene ingachotse zimenezo.

Pamsewu woyalana imayenda 90 mpaka 95 osadandaula. Fakitale inkati imafika 120, koma ine sindinaifikitseko, galimoto ya zaka zimenezi ya madilamu ndilibe nayo chifukwa. Mafuta, amene bambowo ankati lita imodzi inkawafikitsa makilomita 8, tsopano ikupitirira 11.

Kufooka kumene kwatsala, kumene ndinawauza mosabisa, ndi popitirira galimoto ina. Kuchoka pa 70 kufika pa 100 imatenga nthawi yaitali, ndipo pa M1 pamene malole amatsatana awiri atatu, woyendetsa ayenera kuona patali kwambiri kapena kungodekha kumbuyo. Palinso nkhani ya mapiri imene eni galimoto zakale saiwerengera. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse okwera. Ma horsepower 40 aja ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Blantyre atsala ngati 36, ndipo kumtunda kwa Dedza, pa mamita 1600, atsala ngati 34, ofanana ndi a Beetle 1200. Ndiye ngakhale ili bwinobwino, msewu wa ku Lizulu izikauyenda modzichepetsa.

China chinali m'phazi la woyendetsa. Nditafunsitsa za ulendo wa manyazi uja, ndinamva kuti mwanayo ankakwera zitunda pa giya yachinayi, liwiro litatsika mpaka 45, phazi lili pansi. Anazolowera galimoto yamakono ya dizilo imene imakoka injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Pa Beetle kumeneko ndi kupha injini. Giya yachinayi ndi yoyendera poyalana, ndipo popeza fani imathamanga molingana ndi injini, ukaikakamiza ikuzungulira pang'ono ndiye kuti moto wachuluka pamene mphepo yachepa. Liwiro likatsika pansi pa 60 pa chitunda, bwerera ku yachitatu, ilire. Phokosolo anthu amaliopa, koma ndi phokoso la fani ikugwira ntchito.

Chigamulo changa kwa bambowo chinali chakuti injiniyi ndi yokwana pa ntchito imene iwo amaifunira: kutchalitchi, kukanyamula akwati apo ndi apo, ndi ulendo wa kumudzi kawiri kapena katatu pachaka ali awiri ndi mayi. Akanakhala munthu woyenda Blantyre ndi Lilongwe mlungu uliwonse ndi banja lonse, ndikanawauza kuti sikwana, ndiponso kuti 1600 siyankha vutolo, agule galimoto ina iyi aisunge.

Ndinasiya khomo limodzi lotseguka. Injini za 1300, 1500 ndi 1600 zili ndi crankshaft ya sitiroko imodzi, kutanthauza kuti pisitoni imayenda mtunda wofanana, 69 mm. Zimasiyana kukula kwa pisitoni, 77 mm pa 1300 ndi 85.5 mm pa 1600. Tsiku limene masilinda awa adzathe, n'zotheka kuika akuluwo pa chibokosi chomwechi, mahedi n'kuwakuza kwa a makina, nambala ya injini ndi magetsi a 6 volt n'kukhala momwemo. Koma pamenepo kutentha kudzawonjezeka pa nambala 3 yomwe ija, ndipo sindingachite mabuleki asanakonzedwe.

Mwanayo anabwera pa Khirisimasi n'kuyenda nayo ku Lizulu ndi makolo ake. Pobwera anadutsa pagalaja. Anati ikadali yochedwa, ndipo sindinamutsutse. Anafunsanso za madisiki, za 1600 sanatchule. Tinayeza mavalavu tsiku lomwelo injini itazizira: asanu ndi awiri anali pa 0.15, koma wa ekizozi wa nambala 3 anali atatsikira pa 0.13. Ndinamubwezera n'kulemba pa kakhadi kamene ndinaika m'kabokosi ka kutsogolo. Galimotoyi ibweranso ikayenda makilomita 5000, ndipo valavu imeneyo ikadzapezeka yathinanso yokha kawiri motsatizana, hedi ya kumanzere idzatsikanso.